Belu la Makolo ndi Chikhadabo Changa

Lolemba

Sabata ino ndikusiya ndewu za pa intaneti. Ndalumbira m'mawa uno ndikutsuka mkamwa, ndipo ndikulemba pano kuti mawa ndisadzakane.

Chimene chimandivuta ndi tsamba la banja lathu. Analitsegula ndi achimwene a Filimoni, dzina lake "Banja Loopa Chauta". Amaponyapo mavesi, zithunzi za kumunda, ndi machenjezo okhudza ndolo, mpira, nyimbo za pa wailesi ndi akazi ovala thalauzi. Mkazi wovala thalauziyo ndine. Zaka zitatu zapitazo ndinafika kumudzi kwathu, cha ku Ngokwe, nditakwera njinga yamoto, thalauzi ili m'thupi. Abambo ananena mawu, ine ndinabweza oposa, ndipo chiyambire tsikulo sitinalankhulane. Achimwene anandibuloka. Ndiye ndinatsegula dzina lina, "Mkulu Wakale", chithunzi chake tambala. Ngakhale ndikhale kuno ku Balaka, za kwathu ndiyenera kuzidziwa.

Lero alengeza ulendo wotsata mapazi a makolo. Sabata yonse banja lizungulira malo akale kumene agogo awo a abambo anadutsa pochokera ku Mozambiki, ndipo tsiku lililonse aziponya chithunzi.

Malamulo anga:
1. Kungowerenga basi.
2. Osalemba ndemanga ngakhale imodzi.
3. Osakuza zithunzi ndi zala.
4. Kuchonga makope a Sitandade 6, amene akhala m'jumbo kuyambira Lachinayi latha.

Koma ayenda pa chiyani? Abambo sakwera njinga yamoto, amati imachititsa anthu kugwirana m'chiuno. Ndikungodzifunsa, sindikufunsa munthu.

Lachiwiri

Apita pa minibasi. Chithunzi cha lero ndi cha ku Machinga Boma, aima kutsogolo kwa chinyumba chakale cha njerwa. Achimwene alemba kuti pamenepo agogo analandirirapo chiphaso chawo choyamba cha msonkho. Angakhale akunena zoona, ine kunalibe.

Lamulo lachitatu lafa nthawi ya buleki. Ndakuza chithunzi mpaka nkhope zasanduka timadontho. Zimene ndaona:
- amayi, duku loyera, maso pansi monga mwa nthawi zonse
- alamu anga, siketi yosesa msewu
- achimwene, Baibulo kudzanja ili, foni kudzanja ilo (ajambula ndani, ngati foni ali nayo iwo? ndiye kuti m'banja loopa Chauta muli mafoni awiri)
- abambo

Abambo avala jekete yawo yotuwa ija. Kale inkawathina m'mapewa, lero ikungolendewera. Ndipo agwira ndodo. Ndodo yayamba liti? Palibe wondiuza. M'chipinda cha aphunzitsi tiyi wazizira ine ndikuyang'anabe ndodoyo.

Pansi pa chithunzi pali mayi wina amene amalemba "Amen" pa chilichonse. Tsiku lina achimwene anaponya za mbuzi yotayika, iye "Amen".

Ndalemba mzere umodzi wokha: "Akuluwo akuoneka otopa, muziwapezera pokhala." Imeneyi si ndemanga, ndi thandizo chabe. Achimwene ayankha: "Zikomo a Mkulu Wakale, Ambuye akudalitseni." Zaka zitatu, dalitso loyamba lochokera kwathu, ndipo walandira ndi tambala.

Makope: awiri.

Lachitatu

Lero ndi mlambe wa kufupi ndi Nselema, uja wa mphako yaikulu. Achimwene akuti agogo anagona m'mphakomo masiku atatu, osadya, akungopemphera.

Tili ana linali tsiku limodzi, ndipo ankati anadya chinangwa chowotcha. Masiku awiri enawo abadwa liti?

Kwatulukira munthu watsopano, Che Majidu a ku Nselema komweko. Alemba kuti: "Iyayi achimwene, pamlambe umenewo agogo anga ankagulitsirapo matemba. Za munthu wogona m'mphako sitinamvepo, munali njuchi." Wina wayankha kuti mlambe weniweni unagwa kalekale, uwu ndi mwana wake. Wina wafunsa ngati malambe ake amagulitsa. Mayi uja: "Amen."

Ndikufuna kudziwa za njuchizo. Zinalimo kale kapena zinabwera agogo atachoka? Nanga mlambe umabala mwana pamalo pomwepo? Ndafunsa aphunzitsi a zaulimi, andiyang'ana nthawi yaitali, kenako andifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Ndemanga za Mkulu Wakale lero ndi zisanu. Zinayi ndi mafunso aulemu. Yachisanu ndi iyi: "Chaka chamawa adzakhala masiku makumi anayi, ndi chigumula chomwe." Anthu aseka. Achimwene aifufuta, dalitso la dzulo lija sanabwereze.

Amuna anga pochokera kuntchito andipeza pakhonde, nyemba zikupserera kukhitchini. Angoti, "Si inu munalumbira Lolemba?" Ndawauza kuti ndinalumbira za ndewu, iyi ndi mbiri.

Lachinayi

Afika kumudzi. Chithunzi cha lero chandiimitsa pakati pa msewu, wakabaza wachita kundizemba.

Ndi tchalitchi chathu chakale, zipupa zokhazokha, denga linasasuka ine ndili ku sekondale. Pambali pali mtengo wa mango, ndipo pamtengopo pakulendewera chitsulo chadzimbiri. Achimwene alemba: "Belu limene agogo anasenza pamutu kuchokera ku Mozambiki, kudutsa nalo m'madambo a ku Chiuta. Lakhala likuitana anthu kwa Mulungu mibadwo inayi."

Belu limenelo ndi limu ya tayala la lole!

Ndikuidziwa ngati chikhatho changa. Ndinali ndi zaka khumi. Khasu lakutha limene tinkaimba ngati belu linasweka, ndiye abambo anakapempha limu pagalaja ina ku Nselema. Achimwene anali kusukulu yogonera konko, choncho ananditenga ine. Tinaimanga pakaliyala wa njinga ndi malamba a chubu, iwo akukankha, ine ndikugwirizira kumbuyo. Tinayenda tsiku lonse. Anandigulira zitumbuwa ziwiri ndi kundiphunzitsa nyimbo ya Chilomwe imene lero ndikukumbukako mzere umodzi. Titatsala pang'ono kufika, pakamtsinje kouma, lamba anaduka. Limu inatsetsereka, inandiphwanya chala chachikulu cha phazi lamanja, kenako inakagunda mwala ndi kupindika m'mphepete. Zotsatira zake sindikumbuka, ndinangodzukira pamphasa kunyumba.

Sindilemba kanthu. Foni ndaiika m'chidebe cha ufa, ndavundikira.

Ndaitulutsa kuti ndione nthawi. Anthu akuti belulo likasungidwe kumalo osungirako zinthu zakale. Wina wa ku Joni akufuna kudzalikhudza pa Khirisimasi.

Chimene chikundizunguza mutu ndi abambo. Akudziwa zimene zalembedwazi? Iwo amadana ndi bodza kuposa thalauzi. Anandibwezapo kwa aneba, mvula ikugwa, kukaulula kuti mango amene ndinati ndatola ndinachita kugenda. Mwina achimwene anangomva kwa wina, nawonso n'kuwonjezera mchere. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Makope: sindinawatsegule. Foni ikununkha mgaiwa.

Lachisanu

Ndikanapirira. Ndikunena zoona, ndikanapirira mpaka Lamulungu. Koma m'mawa uno achimwene aponya chithunzi china, chapafupi, chala chawo chikuloza popindika paja. Alemba kuti ndi pamene panagunda chipolopolo cha Apwitikizi, belu n'kupulumutsa mutu wa agogo.

Chipolopolo! Chala changa chasanduka nkhondo.

Ana ndawapatsa masamu khumi pabolodi, ine ndaima pakhomo ndi foni. Komabe ndachenjera. Ndasintha zinthu ziwiri kuti asandizindikire, mtsikana ndamusandutsa mnyamata, phazi lamanja ndalisandutsa lamanzere. Ndalemba motere:

"Pepani abale, ife akale timadziwa. Ilo si belu la ku Mozambiki, ndi limu ya lole yochokera pagalaja ya ku Nselema. Anabwera nayo pa njinga ndi akulu a banja lomweli, ndi kamnyamata kena ka m'mudzimo. Popindikapo ndi pamene inagunda mwala itaphwanya chala cha mwanayo, phazi lamanzere. Tiziopa Chauta ndi pa mbiri pomwe."

Mzere womalizawo ndaukonda kwambiri, ndauwerenga katatu.

Pofika masana patsamba pali fumbi. Che Majidu akuti galajayo akuikumbuka, mwini wake anali wa diso limodzi, ndipo lole yake inali yonyamula thonje. Wa ku Joni uja akuti Mkulu Wakale ndi mzimu wokayikitsa wa masiku otsiriza. Wina wawerenga mabowo a mabawuti pachithunzi, akufunsa ngati mabelu akale ankakhala ndi mabowo asanu ndi atatu. Mayi uja walemba "Amen" pansi pa ndemanga yanga, kenako "Amen" pansi pa yonditukwana.

Achimwene sanayankhe ngakhale liwu limodzi. Zimenezi zandiopsa kuposa kutukwana. Ndafufuta ndemanga ija, koma Che Majidu anali ataijambula kale, aiponyanso "kuti mbiri isatayike".

Masamu aja ana amaliza kalekale. Tsopano makope osachonga ali m'majumbo awiri.

Loweruka

M'mawa wonse tsamba lili zii. Ndachapa, ndakolopa, ndayang'ana foni, ndakolopanso pomwe ndakolopa kale.

Cha m'ma 3 koloko kwabwera chithunzi. Abambo akhala pampando pansi pa mango paja, ndodo pamiyendo. Achimwene akhala pansi pambali pawo, foni m'manja. Mawu ake: "Monga mwa masiku onse, tikuwerengera abambo ndemanga zanu zonse."

Monga mwa masiku onse. Zonse.

Ine ndimaganiza kuti abambo ndi foni ndi zinthu zotalikirana, munthu amene wailesi amaitsegula nthawi ya mauthenga a maliro yokha. Ndiye kuti amva:
- za pokhala
- za njuchi
- za chigumula
- za limu, njinga ndi chala
- "Tiziopa Chauta ndi pa mbiri pomwe," kuchokera kwa tambala

Pa ulendo wa limu tinali awiri okha. Mnyamata ndi phazi lamanzere zingapusitse Che Majidu, osati munthu amene ankakankha njingayo. Ndinkaganiza chiyani?

Ndakuza nkhope yawo. Kodi akwiya? Akuseka? Dzuwa likuwathobwa m'maso? Sizikudziwika, abambo nkhope yawo ndi imodzimodzi paukwati ndi pamaliro.

Ndikuchita mantha, ndilembe poyera. Za thalauzi zinali za pabwalo pathu, anaziona ndi anthu asanu ndi nkhuku. Izi ndachititsa manyazi banja pamaso pa Balaka, Machinga ndi Joni yemwe. Chitseko chimene chinali chongotseka mwina tsopano achikhoma ndi misomali, ndipo munthu wake ndi uyu jekete ikumukulira.

Amuna anga akuti, "Ukayenda umasiya phazi, osati mlomo." Ndawauza kuti ine ndasiya zonse ziwiri, ndipo asandilankhulitse.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Foni inali m'chikwama, chikwama pamiyendo, dzanja m'chikwama.

Nkhani ya patsamba yabwera titaweruka. Palibe chithunzi, palibe vesi. Ndikukopera pano monga ilili:

"Abambo andilamula kuti ndilembe izi monga akunenera, osachotsa kapena kuwonjezera. Akuti belu si la ku Mozambiki. Ndi limu ya lole, ndipo ine Filimoni ndipepese. Ndikupepesa. Akuti m'mphako linali tsiku limodzi. Akuti a Mkulu Wakale anena zoona koma anamapo pawiri, ndipo bodza laling'ono ndi bodza ndithu. Sanali mnyamata, anali mtsikana. Silinali phazi lamanzere, linali lamanja. Akuti akudziwa chifukwa anamanga chalacho ndi mpango wawo, njinga ndi limu anazisiya pamtsinje pomwepo, mwanayo anamubereka kumsana mpaka kunyumba akuthamanga. Akuti chikhadabocho sanachionenso bwinobwino, ndipo ngati mwini wake ali ndi mpata abwere adzachione maso akadaona. Amayi akuti chitenje chilipo ngati kumeneko kulibe."

Pansi pake: "Amen." Lero mayi uja walasa.

Zoti anandibereka sindimadziwa. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndinafika kunyumba pa njinga. Ndalira pakhonde, aneba akudutsa, osabisa n'komwe.

Malamulo a Lolemba: loyamba linafa, lachiwiri linafa, lachitatu linafa lisanayende. Makope akudikirabe, ndipo adikiranso, chifukwa mawa ndikupempha aphunzitsi aakulu masiku awiri. Ndewu ya pa intaneti ndinapambana, koma amene akukwera minibasi kukagwada ndine. Mkulu Wakale ndamutseka, tambala wapuma.

Chitenje ndili nacho changa, ndachisita. Ndivala pamwamba. Za m'kati mwa chitenje sanalembe, ndipo ine sindifunsa.

Chikhadabo chija chinamera chokhota, chakuda, ndipo kuyambira ku sekondale ndimachibisa m'nsapato zotseka. Mawa ndivala masilipasi.