Mayi Vainess ndi Sitolo Yawo Imodzi

Ku Maryhill konse kuno, pakati pa ife okhala kunja kwa dziko lathu, kunalibe munthu wokhulupirika ngati malemu Mayi Vainess. Sindikunena za banja ayi, ndikunena za magemu. Mayi wa Mvano ameneyu, wa zidzukulu zake, ankasewera mipikisano ya galimoto pa kompyuta, ndipo magemu ankagula m'sitolo imodzi yokha ya pa intaneti.

"Mwamuna mmodzi, mpingo umodzi, sitolo imodzi," ankatero.

Chaka china kunatuluka gemu yomwe inawatenga mtima, koma inali ya pa konsolo basi, kabokosi kolumikiza ku TV kaja. Mkamwini wawo Goodson anati awagulire.

"Kabokosi kopanda kiyibodi? Iwe Goodson, ndine mwana ine? Gemuyo idzandipeza pompano."

Anadikira zaka. Gemu ija inabweradi pa kompyuta, koma eni ake anali atapangana ndi sitolo ina kuti izigulitsidwa kumeneko kokha. Lamulungu lake Mayi Vainess anaimirira m'tchalitchi.

"Abale, tipempherere onse amene atsekeredwa kunja chifukwa cha mapangano a anthu adyera."

Abusa anayesa ndi nkhani ya maviza. Anapemphera mpaka thukuta, ena kumbuyoku n'kumasisima.

Sabata isanathe ndinapita kukawaona. Ndinawapeza ali kalikiliki, lilime panja, akuthamangitsa galimoto m'gemu yomweyo.

"Amayi! Si ya sitolo munaikana ija iyi?"

"Akaunti ndi ya a Rowland," anayankha osacheuka. "Wochimwa ndi iwowo."

A Rowland, amuna awo, omwe sankadziwa n'poyatsira kompyuta pomwe, anadzidzimuka pampando pomwe ankasinza.

"Ndatani ine?"

"Mwalowa mitala, bambo. Gonani."

Komatu eni ake gemuyo anaisamutsira pa kompyuta mwachisawawa. Galimoto inkalowa m'khoma, nthawi zina matayala n'kutsala m'mbuyo. Mayi Vainess osadandaula. Ankati munthu wokulira m'maminibasi a ku Ndirande sangaope zimenezo.

Anatisiya m'nyengo yozizira yapitayi, atadwala masiku ochepa. Ife anzawo a magemu tsopano tikugula paliponse, palibe wotikalipira, ndipo sizikukoma n'komwe.

Maliro atatha, a Rowland anapempha Goodson kuti awaphunzitse kuyatsa kompyuta ija. Sasewera ayi. Amangoimika galimoto poyambira mpikisano, injini ikulira, iwo n'kumamwa tiyi wawo.

"Ndinkadana nalo phokosoli," anandiuza dzana. "Koma ndikazimitsa, nyumba ikumakula kwambiri."