Mizu ya Chilonda cha a Makwinja

Lolemba

Ndaganiza, ndipo sindibwerera m'mbuyo. A Makwinja, amalume awo a akazi anga, akuti puloti yawo ya mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira ya Likangala aipereka kwa mkamwini mmodzi sabata ino. Iwo kulima kwawakanika, chilonda cha pamwendo sichikupola. Akamwini tilipo awiri: ine ndi Fostino, amene luso lake ndi kuseka nthabwala za akuluakulu basi.

Pa wailesi akuti asayansi amafinya mizu ya mitengo n'kuyesa ngati madzi ake akupha mabakiteriya. Mizu ina akuti imatetezanso thupi kuti lisawonongeke m'kati, ngati girisi pa tcheni cha njinga. Ine sayansi ndinakhoza ku Fomu 4! Ndipoletsa chilondacho, puloti ndi yanga.

Lachiwiri

Zofunika: khasu, thumba, botolo, mbale ziwiri, mtima wachimuna.

Akazi anga, amake Chisomo, akuti, "Bwanji osangowatengera kuchipatala?" Maganizo osauka! Kuchipatala aliyense angathe kuwatengera.

Mayi Nasiyani a ku chilumba cha Chisi, odziwa mitengo, atumiza uthenga: mtengo wa mankhwala wa muwawani ulipo.

Lachitatu

Ku Chisi pa boti. Dzuwa, fungo la matemba, kukumba mpaka matuza. Mayi Nasiyani akuti, "Kuyambira pano mpaka pakhomo panu, osayankhula ndi munthu. Mukatsegula pakamwa, mankhwala asukuluka." Sayansi sinena zimenezo, komanso pa wailesi sananene kuti n'zabodza. Ndatseka pakamwa.

Wa boti ndatsanzikana naye ndi mutu. Zili bwino.

Kenako, kalanga ine! Ndikupalasa njinga kuchokera kudoko, pansi pa mtengo wa mango ndani? A Makwinja, mwendo ataukulunga ndi chitenje, ndodo pambali. "Akamwini, wakutumani ndi Mulungu! Tandikwezani, ndimati ndikafike kuchipatala koma mwendo wakana."

Ndaima. Ndayang'ana iwo, ndayang'ana thumba. Ndaloza thumbalo, ndaloza mwendo, ndagwira pakamwa. Ndapalasa. Adzamvetsa akachira.

Lachinayi

Wasayansi sapereka mankhwala asanawayese. Ndasinja mizu, ndanyika, ndasefa ndi mpango wa amake Chisomo (sakudziwa). Mbale ziwiri za mpunga wophika: ina ndathiramo madzi a mizu, ina ayi. Imene iyambe kusasa ndiye yagonja kwa mabakiteriya.

Amake Chisomo sakundiyankhula. Akuti mudzi wonse wamva zoti ndinagwira pamphuno nditaona chilonda cha amalume. Pakamwa, anthuni! Ndinagwira pakamwa!

Lachisanu

Mbale yopanda mankhwala: nkhuku zadya zonse. Mbale ya mankhwala: zalawa n'kuthawa. Zotsatira: muwawani umagonjetsa nkhuku. Za mabakiteriya sizinadziwike.

Ndayambiranso, mbale ndaika padenga. Madzi a mizu ndalawako pang'ono. Mayo ine! Kuwawa kwake mpaka m'makutu. Ngati ine wamkulu ndikutuluka misozi, kachilombo kangapirire?

Sindifooka.

Loweruka

Sindingadikirenso. Botolo m'manja, malaya a kutchalitchi, ulendo kwa a Makwinja. Ndawapeza pakhonde, mwendo uli ndi bandeji yoyera mbee, mapiritsi m'thumba. Fostino ndiye anawapeza pansi pa mango paja n'kuwakweza pa njinga mpaka kuchipatala. Ali pomwepo, mano pamtunda.

Ndagwada, ndafotokoza zonse: Chisi, lamulo la mayi Nasiyani, mabakiteriya, girisi. Amvetsera mpaka kumapeto. "Mwavutika, akamwini. Koma adokotala aletsa kuthira china chilichonse pabalapa." Akhosomola. "Komanso ku sikimu madzi timalimbirana ndi pakamwa. Munthu wotha kukhala duu wamkulu akumupempha, adzakhalanso duu anzake akumutsekera ngalande."

Puloti yapita kwa Fostino, pamodzi ndi mpunga umene wayamba kale kucha. Zandipweteka, ndisaname. Botolo ndabwerera nalo.

Lamulungu

Mbale zonse ziwiri za padenga zachita chuku. Ya mankhwala pang'ono chabe, kapena ndi maso anga. Palibe wofuna kuona.

Amake Chisomo ayambanso kundiyankhula. Mawu oyamba: "Mpango wanga uli kuti?"

A Makwinja atumiza uthenga woti sananditaye ayi. Mpunga wa Fostino ukufunika woingitsa mbalame, ndipo akuti ntchito imeneyo indithandiza kutsegula pakamwa. Ndiyamba mawa. Anzanga ali kutchalitchi, ine ndili kuseri kwa nyumba, kuyeserera kukuwa.