Musambiretu M'mutu, Amayi

Anzanga ambiri anakumana koyamba ndi apongozi awo atagwada bwinobwino, atavala chitenje chatsopano, mawu ali pansipansi. Ine anga ndinakumana nawo chipeso chili m'manja, kukamwa kuli yasa, ndikupempha simenti ya mu saluni kuti ing'ambike ndilowemo. Wolakwa ndine, sindikukana. Koma foni nayo isathawe mlandu.

Ndimaluka tsitsi ku Wynberg, kuno ku Kepu, m'kasaluni kena kuseri kwa siteshoni ya sitima. Timagwira awiri, ine ndi mnzanga Asiyatu wa ku Machinga. Ntchito yathuyi theka ili m'zala, theka ili m'foni. Kasitomala amakupeza pa foni, sitayelo amasankhira pa foni, kudandaula kuti wamukoka kwambiri amadandauliranso pa foni pomwepo. Yanga inali yakalekale, galasi long'aluka, kumsana nditamata selotepi. Koma inkandidziwa. Inali ndi malayini awiri, ya kuno ndi ya kumudzi, wailesi, ndi kamemole kodzaza nyimbo za kwaya.

Ndiye panabwera nkhani yoti mayi awo a Limbani akubwera. A Limbani ndi chibwenzi changa, amaphika mu lesitilanti ina ku Hout Bay. Mayi awowo ananyamuka ku Ntcheu kuti adzaone ndi maso awo "mkazi wa ku Kepu" ankhoswe asanakumane, ndipo aliyense m'banjamo ankadziwa kuti iwo akapukusa mutu, nkhani yathera pomwepo. Anayamba aima ku Joni kwa mwana wawo wamkazi, kumene anagula layini ya kuno. A Limbani anandilembera nambalayo m'foni mwanga n'kunena kuti, "Afika Lamulungu. Uzikhala ukuwapatsa moni."

Ine m'malo moganiza za moni ndinaganiza za selotepi. Apongozi n'kuwajambula ndi foni yomata? Mawa lake ndinakwera takisi wa ku Bellville.

Kumeneko kuli a Yusufu a ku Mangochi, amagulitsa mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito. Ndinaloza ija ya mabwana ija, yosalala ngati sopo watsopano, yomwe atsikana amajambula nayo pagalasi kuti kumsana kwake kuoneke.

"Achemwali, iyitu ndi ya mtundu wina," anatero a Yusufu. "Zam'kati mwake n'zosiyana ndi yanuyo. Zili ngati kusintha mpingo. Mulungu ndi yemweyo, koma nyimbo ndi zina."

"Achimwene, ine mafoni ndagwira ambiri." (Ndinali nditagwirapo awiri.)

"Maina a anthu munasunga pabwino?"

"Zonse zili m'malo."

Anandiikira layini, ine n'kufufuta zonse m'foni yakale ija. Pafupi pomwepo panali galimoto ya amatransipota ikupakira katundu wa kumudzi. Ndinaikulunga foniyo m'pepala, n'kulembapo dzina la mng'ono wanga wa ku Balaka, n'kuipereka. Ndinachokapo ndikuyenda ngati ndagula nyumba.

Mavuto anayambira mu takisi momwemo. Ndinafuna kubwerera m'mbuyo pa zomwe ndinatsegula, batani lobwererera kulibe. Ndinasisita uku, kusisita uko, foni ikungondionetsa nyengo ya mzinda wina wa ku Amereka. Ndinafuna poika layini ya kumudzi, kabowo n'kamodzi. Kamemole kanga ka kwaya, polowetsa palibe. Wailesi mulibe. Ndinatulutsa mahedifoni, nawonso analibe khomo. Mtsikana wachiXhosa amene ndinakhala naye anandiyang'ana n'kufunsa, "Sisi, ndi yako foniyi?" Ndinayankha kuti eya mokweza kwambiri, mpaka ena anacheuka.

Ku saluni Asiyatu anaitembenuza uku ndi uku n'kuvomereza kuti ndi yokongola. Anati anditumizire zithunzi za masitayelo pa bulutufu monga tinkachitira. Mafoni awiriwo anakhala pa tebulo moyandikana ngati akazi a mitala, osalankhulana.

Koma chachikulu chinali apu yochezera. Ine ndinkagwiritsa ija yakuseri ija, yomwe imakuonetsa ngakhale uthenga woti mwiniwake wafufuta (musandiyang'ane choncho, ambiri a inu muli nayo). Foni ya mabwana inaikaniratu. Inalola yeniyeni yokha, yamakhalidwe. Nditaika nambala yanga, magulu onse anabwerera, la kumpingo, la anthu a ku Balaka, la azimayi oluka. Macheza akale onse anali atapita. Ndipo maina kunalibe. Manambala okhaokha. Maina aja anali m'foni yakale, ndinawafufuta ndi chala changa chomwe, ndipo foniyo inali pa msewu wa ku Beitbridge.

Tsono ine makasitomala sindinkawasunga ndi maina awo enieni. Kunali Sisi Wamphumi, Anti Wamafunso, Mayi Mutuwouma. M'malo mwa amenewa, foni inkandionetsa maina omwe anthu amadzipatsa okha: Wodala, Mwana wa Mfumu, Osandiyamba. Zithunzi zawo maluwa, makanda, ndi magalimoto a eni ake.

"Ingolengeza kuti maina atayika, aliyense azitchula dzina," anatero Asiyatu.

"Ndi foni imeneyi? Anthu aziti ndagula chinthu chosachidziwa?"

"Nanga ukuchidziwa?"

Ndinaganiza zongolota. Aliyense wondilembera anasanduka "okondedwa". Zinayenda tsiku limodzi. Lotsatira lake wina analemba kuti, "Mlongo, za Lamulungu zija mwakonza?" Ine n'kutumiza zithunzi zitatu za mizere ndi mawu oti, "Sankhani, koma yapakatiyo ikukhalani kwambiri." Anali mkulu wa mpingo wathu, amafunsa za maluwa a kuguwa. Bamboyo ali ndi dazi lochokera pamphumi mpaka kunkhongo.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo. Ine ndinati ndi ngozi chabe.

Lachinayi masana kunabwera uthenga kuchokera kwa Wodala, wa chithunzi cha duwa lofiira: "Mwana wanga, ndikubwera Loweruka m'mawa. Undikonzekere."

Ndinadziwiratu kuti ndi Mayi Mutuwouma. Mayi amenewa ndi a ku Lilongwe, amagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Constantia, ndipo aliyense kwa iwo ndi "mwana wanga". Akati m'mawa amafika dzuwa lili pamutu. Amabwera m'mutu muli mafuta a mwezi wathunthu. Asanakhale n'komwe amafunsa kuti, "Kulibe katiyi?" Ukayamba kuluka amagona, mutu n'kumagwa uku ndi uku, mzere n'kukhota, podzuka n'kukunena kuti sudziwa ntchito. Ndiponso sabwera okha, amatenga mnzawo woti azikhala pambali n'kumaloza zolakwika.

Asiyatu anakhala akundiuza kuti ndidzawamasule tsiku lina. Tsikulo ndinaona kuti lakwana. Kaya ndi chifukwa cha foni yosalalayo, ndinadzimva ngati mwini kampani. Ndinadina pojambula mawu, n'kukonza kukhosi.

"Amayi, ndamva kuti mukubwera. Koma timvane. Choyamba, musambiretu m'mutu, ndi sopo, osati kungonyowetsa. Chachiwiri, mudyeretu komwe mukuchokerako, kuno si kulesitilanti. Mukafika osagona, ine sindigwira mutu wa munthu wogona. Mnzanu musabwere naye. Ndipo mukachedwa mungobwerera, ndili ndi anthu ena ofunika. Zikomo."

Posakhalitsa yankho linabwera: "Ndamva mwana wanga. Ndiyesetsa."

Ndinamuonetsa Asiyatu. "Waona? Foni yabwino imabweretsa ulemu."

Lachisanu ndinaiwala chingwe cha tchaja mu takisi. Pofika masana foni inathima. Ndinayenda Wynberg yense, kwa wometa wa ku Congo, ku shopu ya Msomali, kwa mayi wogulitsa zipatso. Aliyense ankatulutsa tchaja ndi mtima wabwino, kuyesa, osalowa. Foni yakale ija ikanadya paliponse ngati mwana wamasiye. Iyi inkafuna mbale yakeyake. Ndinati ndigula chingwe mawa ndikathana ndi Mayi Mutuwouma. Sindinadziwe kuti nthawi yonseyo a Limbani ankandiimbira kuti andiuze zoti mayi apeza malo m'basi ya Lachisanu, afika Loweruka.

Loweruka ndinalawirira. Ndinayala meshi, kukonza zipeso, kuuma nkhope ngati mphunzitsi wamkulu. Chitseko chinatseguka. Analowa a Limbani atasenza chikwama chachikulu, thukuta lili kamukamu, maso akundifunsa kuti foni yako ili kuti. Pambuyo pawo panali mayi wamfupi, wa duku yabuluu, woyenda mosafulumira.

"Awa ndi amayi," anatero a Limbani.

Ndinagwada pomwepo, pa zidutswa za meshi. Mayiwo sanamwetulire. Anayang'ana magalasi, mipando, Asiyatu, kenako ine.

"Mwadzuka bwanji, amayi a saluni? Sindinachedwe?"

"Ayi amayi, takulandirani, ife timayesa mufika mawa..."

"Basi ndi imene inaima nthawi yaitali pa njira. Ndinamuuza dalaivala kuti achite changu, ine ndili ndi malamulo." Anamasula duku pang'onopang'ono n'kuweramitsa mutu kuti ndione. "M'mutu ndasamba. Kawiri. Mlamu wanu ku Joni anachita kundigulira sopo wa m'botolo. Kudya ndadyeratu pa Bellville kuti ndisavutitse. Mnzanga sindinabwere naye. Uyu ndi mwana wanga, koma ngati nayenso saloledwa, akhoza kudikira panja."

Asiyatu anati, "Ndikaone madzi pa moto," n'kuthawira kuseri. Mu saluni mwathu mulibe moto.

"Amayi, mukunena chiyani?" anafunsa a Limbani.

"Sunamve? Dikira."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kafoni kawo kakang'ono, ka mtundu wa yanga yakale ija, kokhala ndi sipika ngati ya pa msonkhano. Mawu anga anadzaza saluni yonse. Simudziwa kuipa kwa mawu anu mpaka mutawamva mutagwada. Pofika pa "ndili ndi anthu ena ofunika", a Limbani anali atakhala pa chikwama chija, manja ali kumutu.

Ndinayamba kufotokoza. Ndinatchula a Yusufu, Beitbridge, duwa lofiira, mkulu wa mpingo, zonse mosakaniza, misozi ili m'maso. Ndinaona ukwati wanga ukukwera basi yobwerera ku Ntcheu.

Nthawi yomweyo chitseko chinakankhidwa ndi phazi.

"Mwana wanga! Kulibe katiyi?"

Mayi Mutuwouma. Osapangana, osaimba, tsiku lomwelo mwa masiku onse. Dzanja lina ananyamula magwinya, mandasi a kuno, m'pepala lonona mafuta, kumbuyo kuli mnzawo uja. Anavula chipewa n'kuyamba kukanda m'mutu ndi zala zonse zisanu, akudandaula kuti ulendo watha ndinawaluka mokhota.

Mayi a Limbani anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa chapansipansi, "Ndi awa?"

"Ndi amenewa, amayi."

"Hmm. Mawu aja anachepa."

Kuseri kunamveka Asiyatu akuphulika. Mayi a Limbani nawo anagwira pakamwa ndi duku, mapewa akugwedezeka.

"Dzuka mwana wanga, maondo angathe," anatero. "Ine ndakalambira pa msika wa Lizulu ndikugulitsa mbatatesi ndi kabichi. Mawu olankhula kwa kasitomala ndimawadziwa. Ndinazindikira usanafike n'komwe pa chachiwiri."

"Ndiye bwanji simunandiuze, amayi?"

"Ulendo wake ndi wautali, tikanacheza chiyani m'basimo? Ndinawamvetsa azimayi onse. Ena amati nditsike ndibwerere. Ena amati ayi, mkazi ndi ameneyo, mwana wanu sadzayenda ndi kolala yakuda. Tinakangana mpaka kunja kunacha. Ine ndinati ndikaone ndekha ngati manja ake akufanana ndi pakamwa pake."

Atatero anakakhala pa mpando wanga. Mayi Mutuwouma anati ayambe ndi iwo poti ndi kasitomala wakale, koma anauzidwa mwaulemu kuti ena anapangana kale kuyambira Lachinayi, ndipo anakwaniritsa zonse zofunika. Anapita kwa Asiyatu akung'ung'udza.

Sindinalukepo munthu mosamala chotero. Mizere inatuluka yowongoka ngati ya m'munda wa fodya. Mayiwo, atatopa ndi basi, ankalimbana ndi tulo. Maso akatsekeka ankadzidzimuka n'kuwongola khosi.

"Gonani pang'ono amayi, palibe vuto."

"Ayi. Malamulo ndi malamulo."

Nditamaliza ndinawapatsa galasi. Anayang'ana kutsogolo, m'mbali, kunkhongo. Anasisita mzere umodzi ndi chala mpaka kumapeto. Kenako anaitana a Limbani.

"Uwaimbire amalume ako. Uwauze ayambe kusita jekete."

Ku Ntcheu sindinafikeko, koma mawu anga anafika kale. Ndikumva kuti anazungulira gulu la amayi a kumpingo, ndipo pali ana amene akakana kusamba amaopsezedwa kuti atumizidwa ku Kepu. Mlamu wanga wa ku Joni amanditchula kuti aMusambiretu, ndipo dzinalo likuoneka kuti lakhazikika.

Ndinaphunzira kufunsa kuti "Ndikulankhula ndi ndani?" ndisanatsegule pakamwa. Ndimafunsa ndithu, masiku amene ndakumbukira. Koma apongozi anga sadalira zimenezo. Akaimba, ndisananene n'komwe halo, amayamba okha:

"Ndine mayi ake a Limbani, wa ku Ntcheu, osati kasitomala. Ndasamba. Ndilankhule?"