Tsiku lomwe ndinaitana apongozi ndi dzina

Mpaka lero ndikadutsa pa khonde la ofesi ija ku boma la Lundazi, ndimayenda chowerama.

Munali mu 1999. Ndinkaphunzitsa giredi 2 ku Mphamba, uku ndikuchita maphunziro apayunivesite a m'makalata. Chaka chimenecho anatilembera kuti aliyense alembetse pa intaneti, ntchito tizitumiza pomwepo. Ine kompyuta ndinali ndisanaikhudzepo. Yomwe ndinkaidziwa inali imodzi, mu ofesi ya bungwe lina la alimi a fodya, ndipo ankaisunga mlembi wawo, NyaZimba.

"Mabokosi ndi awili, aphunzitsi," anatero NyaZimba. "Lina la dzina lanu, lina la pasiwedi. Sankhani mawu oti munthu sangaganize kuti mungawachule." Atatero anandifulatira, mwaulemu.

Mawu otero ndinali nawo. Kumudzi komwe ndinakwatiwa, mkamwana satchula dzina la apongozi aamuna ngakhale kutulo. Anga dzina lawo ndi Fosholo, analitenga kumigodi. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkati "chowolera mchenga", mpaka ana anga ankayesa ndilo dzina la chidacho. Ndinadziuza kuti kulemba si kutchula (ndikudziuzanso chimodzimodzi panopa).

Ndinalemba ndi chala chimodzi, maso ali pa mabatani. Chinsinsi ndinachiika m'bokosi lapamwamba, poti chachikulu chimayamba. Dzina langa ndinaliika pansi, ndipo m'malo mwa zilembo munatuluka tinyenyezi. Ndinakondwa. Inenso mwana akalemba bwino ndimamuikira nyenyezi.

Patatha milungu iwiri ndinabwerera kukatumiza ntchito yoyamba. Linali tsiku lomaliza, ndipo wolephera kutumiza ankayenera kudikira chaka chamawa. Apongozi anabwera nane kudzagulitsa mtedza kumsika. Atamaliza anakhala pa benchi ya pakhonde, pansi pa windo lotsegula, kundidikira.

Ulendo uno NyaZimba anandilozera: dzina pamwamba, pasiwedi pansi. Ndinatero. Makina anakana. Kachiwiri anakana. Kachitatu ananditsekera kunja.

Tinaimba foni kuyunivesite ku Lusaka. Anayankha bambo wina wotopa, mawu ake akumveka ngati ali m'chitsime.

"Mayi, dzina lanulo mulibe muno. Wa ku Lundazi alimo m'modzi cabe, koma dzina lake ndi lacilendo. Munalemba ciani m'bokosi lapamwamba?"

Pamenepo ndiye ndinazindikira. Milungu iwiri yathunthu anzanga onse a m'kalasi, kuyambira ku Mongu mpaka ku Kasama, ankaona dzina la apongozi anga pamndandanda.

Ndinalilemba pakapepala kuti anene NyaZimba. Bamboyo anakana. "Anene mwiniwake. Ndidziwa bwanji kuti ndi iwo?"

"Ndi chija chowolera mchenga," ndinatero.

"Wilibala?"

"Ayi, chinzake."

"Mayi, pali anthu pamzele. Tikutseka folo koloko."

Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana windo. Chipewa cha apongozi chinkaonekera pamwamba pake. Ndinanong'ona.

"Sindikumva."

Ndinakwezako pang'ono.

"Laini ikudula, kwezani mawu."

Ndinatseka maso n'kukuwa ndi mawu aja ndimaitanira ana kubwalo la mpira: "Fosholo!"

NyaZimba anagwira pakamwa. Kenako chipewa chija chinakwera pang'onopang'ono, nkhope n'kutulukira pa windo.

"Nili pano, mkamwana," anatero apongozi.

Ndinagwada pansi foni ili kukhutu. Bambo wa ku Lusaka anali akunena kuti wanditsegulira, koma dzinalo silingasinthike mpaka maphunziro atatha. Ntchito ndinatumiza. Ulendo wonse wobwerera apongozi anali patsogolo, ine ndili m'mbuyo ndi thumba lopanda mtedza. Ndinachita manyazi oti sindinawaonepo.

Mlandu unatha ndi nkhuku yoyera, amuna anga akuvutika kubisa kuseka. Koma apongozi atamva kuti dzina lawo lalembedwa kuyunivesite, zinthu zinatembenuka. Zaka zitatu, ndikangochokera ku boma, ankandiimitsa pamaso pa anthu n'kufunsa ngati iwo akhoza mayeso. Tsiku lina nditapeza mamalikisi ochepa anandikalipira kuti ndikuwaonongera dzina.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu. Pasiwedi ya foni yanga lero ndi dzina la apongozi aakazi. Iwowa makutu anatha kalekale.