Mtengo Wosalipira Lendi

Lolemba

Nkhondo yayamba. Mlongo wanga Yohane wabwera ndi mmisiri, akuyeza kuseri kwa nyumba imene bambo anatisiyira tonse awiri. Akufuna zipinda zitatu za maloja, anthu ochita lendi. Mtengo wa mango waima pakati penipeni pa chipinda chachiwiri, ndiye akuti Lolemba likubwerali ukugwa.

Ndikumukumbutsa m'Chichewa kuti njere ya mtengowu bambo anachoka nayo ku Salima m'thumba la jekete. Iye akuyankha m'Chishona monga mwa masiku onse: "Sisi, muti haubhadhari rendi." Ati mtengo sulipira lendi. Nanga iye amene wadya mango ake kuyambira akuyenda chibadwire, analipirapo?

Ndakhazikitsa Komiti Yoteteza Zengeza 1 Wakale, dera lathu lino. Wapampando: ine. Mlembi: ine. Mamembala: mawa.

Zoteteza: mtengo, makonde ofiira opaka polishi, dzuwa la m'mawa limene nyumba zosanja zikutibera, ndi maenje a bawo amene bambo anaboola pa simenti pansi pa mtengo.

Lachiwiri

Ndikuyenda khomo ndi khomo. Kalanga ine, kodi ndinali kuti zaka zonsezi? Nyumba za mumsewu wathu zilibenso kuseri. Pamene panali chimanga pali chipinda, pamene panali khola la nkhuku pali chipinda, ndipo khomo lililonse akutsegula ndi loja amene sakundidziwa, ine wobadwira mumsewu muno.

Koma Mai Chipo, oyandikana nawo amene akumanga nyumba yosanja, andigwira manja onse awiri. "Musalole, amai. Bwalo lanu ndi lokhalo latsala." Membala woyamba! Mtima wanga uli mbee. Angopempha kuti aikepo njerwa zochepa, masiku awiri okha.

Lachitatu

Njerwa zochepa zija zabwera pa lole.

Ndikuchokera ku Chikwanha kogulitsa tomato, ndikupeza mamembala achuluka. Mbiri yamveka kuti pali bwalo lotetezedwa. Wina wathira mchenga pageti. Wina wasiya mazenera. Wina wamanga chingwe panthambi, wayanika matewera. Aliyense akundiyamikira kuti ndine mayi wolimba mtima, wosunga chikhalidwe.

Kupita kuchimbudzi tsopano ndi kukwera phiri.

Lachinayi

Msonkhano woyamba wa komiti, pansi pa mtengo. Mipando palibe, takhala panjerwa. Ndikutsegula ndi pemphero, ndikufotokoza za mbiri ya malo athu, ndipo zikundikhudzadi. Onse akugwedeza mitu.

Kenaka wina akufunsa kumene simenti yatchipa. Basi, msonkhano wathawa. Zokambidwa: simenti, malata, mmisiri wosaba misomali. Mmisiri wa Yohane amangodutsa, koma wachoka pamsonkhano wanga ndi ntchito ziwiri zatsopano.

Mango amene anayamba kupsa, mamembala atha.

Lachisanu

Lero ndatulutsa chida chachikulu: Che Saidi, atelala okalamba a ku Zengeza 2, anzawo a bambo a pabawo. Anakwera sitima imodzi pochoka kumudzi. Ndawadikira atuluke kumzikiti, ndawagwira mkono mpaka kunyumba, ndawaimika pamaso pa Yohane kuti achitire umboni.

Ayang'ana mtengo, ayang'ana ine, ayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Njere ya ku Salima? Mwanangu, mango aja tinadyera m'sitima, njere tinaponya pazenera. Ndipo tinakhala ku Mbare zaka zambirimbiri tisanabwere kuno. Uwu unamera wokha padzala."

Padzala! Moyo wanga wonse ndakhala ndikulozera alendo mtengo wa padzala.

Sanathere pomwepo. Ati iwo akufika, Zengeza 1 yemweyu ndiye anali nyumba zatsopano, ndipo eni dera ankadandaula kuti timabokosi ta simenti tawononga podyera ng'ombe. Yohane akumwetulira ngati wapambana mlandu.

Kenaka Che Saidi akufunsa kuti bawo la mnzawo lili pati. Ndikuloza mulu wa njerwa za Mai Chipo. Kuseka kwatha. Apempha kuti tiwaperekeze. Manyazi andigwira kuposa a njere aja.

Loweruka

Ndadzidzimuka ndi phokoso la njerwa. Yohane akusamutsa mulu wonse yekha, malaya atavula. Mai Chipo akudandaula pampanda kuti komiti yawakhumudwitsa, atulukamo. Mamembala ena awatsatira, koma katundu wawo watsala.

Maenje aoneka, odzaza fumbi. Yohane wagwada, akuwapukuta ndi chala limodzilimodzi. Ndamumva akuuza mmisiri kuti simenti imeneyo isaswedwe, ikhale khonde la chipinda chapakati.

Ndafunsa za mtengo. Wapukusa mutu. Ana ake akufunika fizi, ndipo ine ndikudziwa, kungoti sindifuna kudziwa.

Wapampando watula pansi udindo. Mlembi wavomera.

Lamulungu

Ndikuchokera kutchalitchi, ndikupeza Che Saidi ndi Yohane atakhala pansi pa mtengo, timiyala m'maenje. Yohane wapita yekha kukawatenga. Mthunzi ndi wa lero lokha, nkhwangwa yatsamira kale pakhoma.

Nkhalamba ikumudya mwanayo mopanda chisoni. Yohane wagwira kumutu, ndipo mawu angotuluka okha: "Aa, mwandimaliza, bambo." M'Chichewa. Chimwalirire bambo sindinamumvepo. Ndalowa m'nyumba ngati ndaiwala kanthu pamoto, kuti asandione m'maso.

Mtengo ukugwa mawa, ndipo zikundiwawa. Komiti yatha, mchenga ukadali pageti, matewera akadali pachingwe.

Panthambi yapamwamba panatsala bango limodzi limene mamembala sanalifikire. Ndaligwetsa ndi mtengo wa mopu, ndadya ndekha osagawira munthu. Njere ndakwirira m'chitini cha penti cha Mai Chipo.

Adzukulu akadzafunsa, ndidzati inachokera ku Salima.