Ndele za Kumunsi kwa Dibu

Nkhani iyi ikayambika pa mowa ine ndimanyamuka, koma lelo manyazi anga ndiulula ndekha.

Zinali zaka za chipani chimodzi, sopo tikuimila layini ku Petauke. Pa layinipo ndinaona akazi a ahedi a sukulu ya ku Nyimba, amene tinabadwa chaka chimodzi. Nkhope see, ngati mtsikana wa Fomu Thuu! Ndinavula chipewa.

"Amai, ukalamba munausiya kuti?"

Anatulutsa kabotolo kamene mwana wao anatumiza kuchokela ku Ulaya. "Akuti amapanga ndi ndele za m'madzi, aDaka."

Ndele! Zobiliwila zomwe timakankha ndi phazi potunga madzi? Mulungu ndi wamkulu, anthuni. Azungu akuzikweza ndege, kwathu ng'ombe zikungopondaponda!

Nthawiyo n'kuti ndikufunsila Esinati, mai wamasiye wa ku Kaumbwe, amene amadandaula kuti nkhope yanga yakwinyika ngati fodya wouma. Loweluka ndimayenela kukaonekela kwa makolo ake.

Lachisanu ndinakokola ndele m'chithaphwi cha kumunsi kwa dibu ya ng'ombe, poti ndi pomwe zinanenepa bwino. Ndinasakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kumata nkhope yonse. Kunayamba kuwotcha. Ndinati eya, mankhwala ayamba nchito! Ndinaonjezela.

M'mawa ndinayang'ana pa galasi la njinga. Mayo! Makwinya onse kulibe! Masaya odzaza, akuwala ngati mbale yatsopano. Ndinagwada n'kuthokoza.

Panjila anthu amaima n'kugwila pakamwa. Ine ndimati akusilila. Pofika ku Kaumbwe, nkhope inali itatupa, maso atatsala timing'alu.

Anandipatsa mpando pabwalo. Nditaona chitenje chikudutsa, ndinagwila dzanja n'kuliika pa tsaya langa.

"Esinati wanga, papasa umve! Fodya uja ali kuti?"

Mau a Esinati anamvekela kutali, ku khichini: "ADaka, amenewo ndi amai!"

Apongozi! Munthu woti ndikakumana naye panjila ndizilowa patchile!

Iwo sanachotse dzanja. Anapapasa tsaya ili, n'kupapasa linali, pang'onopang'ono.

"Mwana wanga simumutenga, bambo, mulibe ulemu," anatelo. Kenaka ananong'ona: "Koma mankhwala otsalawo mundisungileko."

Ndinagona masiku anai ku chipatala cha mishoni, makwinya n'kubwelako ndi anzao.

Chinthu chikamawotcha sikuti chikugwila nchito, abale, nthawi zina chikungokuwotcha basi.