Mipando Yoyera ya a Ngwembe

Mwambi uwu chiyambi chake chili motere, ndipo wofuna kuseka aseke, koma adziwe kuti mwini nkhaniyi sanaseke.

Pa 9 Febuluwale, dzinja lili pakati, anthu asanu ndi anayi analowa pa galimoto imodzi m'nkhalango ina yosungirako nyama ya kuchigwa. Asanu ndi mmodzi anali alendo ochokera kunja, amene anasankha dala nyengo ya mvula kuti akaone tchire lobiriwira ndi mbalame za m'madambo. Otsalawo anali a Ngwembe, manijala wa kampani yoyendetsa alendo, Mofati dalaivala, ndi Dafuleni wolondolera alendo. Kwa Dafuleni limeneli linali tsiku lomaliza loyesedwa ntchito, ndipo kunyumba anasiya mkazi woyembekezera.

A Ngwembe anali ndi malamulo awiri. Loyamba linkati wolondolera alendo asasiyane nawo mpaka atatuluka pachipata. Akasiyana nawo, ntchito yatha. Lachiwiri linabadwa sabata yomweyo, atakuta mipando ya galimoto ndi nsalu zoyera mbee: wantchito wamatope asakhalepo.

Asanapite patali, galimoto inatitimira m'makande.

"Dafuleni, tsika ukankhe," anatero a Ngwembe.

Alendo awiri anafuna kuthandiza, koma manijalayo anawaletsa, amvekere mlendo sakankha. Dafuleni anakankha yekha, ndipo matayala anamuwaza matope kuyambira kumapazi mpaka m'makutu. Galimoto itatuluka, anagwira chitseko.

"Ukupita kuti ndi thupi limenelo?"

"Pamalo panga, bwana."

"Pansalu zanga? Mvula iyi ndi yaulere. Uzitsatira pambuyo, ikakutsuka ukwera."

"Bwana, muno muli njati."

"Ndi matope amenewo, njati ikuyesa mbale wake."

Mofati anatulutsa mutu pawindo n'kunong'ona kuti, "Pirirani, achimwene, ndiziyenda pang'onopang'ono."

Dafuleni anayamba kutsatira, nkhope itayang'ana kumwamba, manja atatambasula, akupempha ndi mtima wonse kuti mvula ilimbike. Apa mpamene anapusira, pakuti mvula inamumvera. Inamutsuka ndithu, koma madzi omwewo ndi amene ankafewetsa msewu. Atayera anathamangira chitseko, n'kupeza galimoto itamira kale padambo lotsatira.

"Wafika nthawi yabwino," anatero a Ngwembe. "Kankha."

Anakankha, anada, anatsukidwa, napezanso galimoto itamira. Ulendo wina anati achenjere: anavula malaya kuti asade, nawapachika pagalasi.

"Iwe! Alendo awa abwera kudzaona njovu, osati nthiti zako. Vala yunifomu!"

Mayi wina mwa alendowo anamva chisoni, ndipo anafunsa chifukwa chimene munthuyo sankakwerera. A Ngwembe anayankha m'Chingerezi chofatsa kuti, "Mayi, ndi mwambo wathu kuno. Dzinja likafika, wolondolera alendo amayenda pansi polemekeza mvula. Kumukweza n'kumunyoza." Mayiyo anagwira pamtima. Anzake anatembenuka, anasiya mvuu zimene zinali m'thamanda, nayamba kujambula Dafuleni uku akumuombera m'manja. Iye anamva liwu lililonse, pakuti Chingerezi ankachidziwa, koma anamwetulira. Munthu amene akuyesedwa ntchito satsutsa bwana pamaso pa alendo.

Chakumadzulo anafika pamsewu wa miyala wolunjika kuchipata. Kunalibenso chokankha, ndipo alendo ankanjenjemera ndi chisanu.

"Ponda mafuta, Mofati."

"Nanga mnzathuyu, bwana?"

"Sanayere."

Dafuleni anatsala yekha pakati pa mitengo ya tsanya. Anadutsadi pafupi ndi njati, ndipo inangomuyang'ana n'kupitiriza kubzikula, mwina nayonso itamva chisoni. Pofika pachipata mvula inali itakata, iye atayera ngati wochokera kumsonkhano wa mpingo. Anapeza a Ngwembe akumudikira, alendo atapita kale kumalo awo ogona.

"Alendo ako ali kuti?"

"Munapita nawo ndinu, bwana."

"Ndiye kuti unasiyana nawo."

"Ndimakankha galimoto, bwana. Munandituma ndinu."

"Kukankha? Ndi malaya oyera chonchi? Ukandiuza kuti umakankha, akukhulupirira ndani? Lamulo ukulidziwa. Vula yunifomu usiye pamenepo."

Munthu yemwe uja anamuletsa kuvula masana ndiye anamuvula madzulo. Dafuleni anaima pambali pa msewu chifuwa chili pamtunda, akuganiza chimene akauze mkazi wake. Galimoto ija potuluka, mipando yake ili mbee, inaponda chithaphwi n'kumuthira matope thupi lonse. Nthawi yomweyo kumwamba kunagunda, mvula n'kuyambiranso. Iye anayang'ana mitambo, nayankhula mawu amene mlonda wa pachipata anawamva, ndipo kuchokera kwa mlondayo anafalikira dziko lonse.

Tsono inu eni kampani imeneyo, ndi inu nonse amene mumaitana alendo kudzaona ulemerero wa dzinja: galimoto zanu sizidutsa m'makande ndi mafuta okha, zimadutsa ndi msana wa munthu. Mubwezereni Dafuleni ntchito yake mwana asanabadwe. Ngati nsalu zanu zili zopatulika, yalani chiguduli pampando umodzi, kuti wokankha akhale ndi pokhala. Mukapanda kutero, dzinja lililonse padzaima munthu wina pachipata chanu, ali wamatope ndiponso wopanda malaya, akubwereza mawu a Dafuleni aja:

"Mvula ikakuona litsiro siikata."